Mpope wa m'diso: mmene ntchito yokonza phunziro ikuyendera

Sabata yoyamba, Lolemba

Chaka chatha mutu wa madzi a m'diso ndinauthamangitsa m'mphindi 40. Ophunzira anga, omwe mawa lino akhala akuyeza anthu maso m'zipatala za m'maboma, anakopera zonse mwaulemu, koma pa mayeso ambiri analemba kuti madziwo amachokera kumene kumachokera misozi. Sindinawakalipire. Wolakwa ndinali ine. Chaka chino ndadzipatsa masabata 6 kuti phunziroli ndilimange mwatsopano, ndipo pomaliza pakhale chithunzi chimodzi chomveka, fayilo ya Excel yoti ophunzira azisewera ndi manambala, maso enieni oti ting'ambe mu labu, ndi uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri woti wodwala amvere pa foni.

Cha kumapetochi chabwera chifukwa cha amalume anga. Ali ndi glaucoma, matenda amene amapha mtsempha woonera. Diso lamanzere linapita kale, lamanjali akulisunga ndi madontho a timolol. Mwezi watha tili pakhonde anandifunsa kuti, "Mphwanga, adokotala akuti m'maso mwanga madzi achuluka. Nanga si pa maliro a azakhali ako ndinalira sabata yathunthu? Madziwo osatha bwanji?" Ndinaseka, koma pofuna kuyankha m'Chichewa ndinangoti kakasi.

Misozi ili kunja, imatsuka pamwamba pa diso. Madzi amene adokotala ankanena ali m'kati, kuseri kwa cornea, kagalasi ka kutsogolo kwa diso, ndipo mabuku amawatcha aqueous humour. Cornea ndi lens zilibe mitsempha ya magazi, zikanakhala nayo bwenzi tikuona mbuu, choncho chakudya chawo chimabwera ndi madziwa ndipo zinyalala zimachokanso nawo. Gwero lake ndi magazi, koma si magazi ongosefedwa. Mapuloteni ake safika gawo limodzi pa 100 la a m'magazi, pamene vitamini C ndi wochuluka kuwirikiza ka 15 kapena 20. Sefa wamba sangachite zimenezo. Pali maselo amene akusankha cholowa ndi chotsala, ndipo phunziro lonse lagona pa maselo amenewo.

Masana diso limapanga ma microlitre pafupifupi 2.5 pa mphindi (microlitre ndi gawo limodzi pa 1,000 la mililita), usiku theka lake. Ndawerengera maola 16 munthu ali maso ndi 8 ali m'tulo: mamililita 3 pa tsiku. Sipuni ya tiyi sidzadza. Timadzi timeneto ndi timene tawalanda amalume diso.

Sabata yoyamba, Lachinayi

Excel yayamba kuyenda. Ndagwiritsa ntchito samu yowerengera pulesha ya m'diso ya Hans Goldmann, dokotala wa maso wa ku Bern ku Switzerland. Mumatenga madzi opangidwa pa mphindi, n'kuchotsapo amene amazembera njira ya m'mbali kudzera m'minofu; otsalawo mumawagawa ndi nambala yosonyeza kutseguka kwa ngalande yaikulu, kenako n'kuwonjezera pulesha ya m'timitsempha timene ngalandeyo imathiramo. Poyambira ndaika manambala osavuta: 2.5, 0.5, 0.25 ndi 8. Yankho likubwera 16 mmHg, m'kati mwa malire a 10 ndi 21 amene timati ndi abwino.

Kenako ndinathinitsa ngalande, 0.25 kukhala 0.1. Pulesha inalumpha kufika pa 28, mpope wopanga madziwo ndisanaukhudze n'komwe. Ichi ndicho ndikufuna ophunzira achione okha. Pa glaucoma yofala kunoyi, ija yosawawa, diso silipanga madzi ambiri kuposa la munthu wina aliyense. Chatsekeka ndi kasefa ka pa ngodya imene iris, mphete ya mtundu ya diso, imakumana ndi cornea, trabecular meshwork, pamodzi ndi kangalande ka Schlemm kuseri kwake. Koma timolol sapita kumeneko, amapita ku mpope. Ndi ngati bafa yatsekeka, inu m'malo motokosa paipi mwangochepetsa madzi osambira. Nditadula 30 peresenti pa 2.5 uja, diso lodwala linatsika kuchoka pa 28 kufika pa 20.5, pamene labwino linangochoka pa 16 kufika pa 13. Ngalande ikathina, kadontho kalikonse kamene mwachotsa ku mpope kamalemera kwambiri. Madontho ena, latanoprost, ndiwo amatsegula njira ya m'mbali ija, koma ndi wodulirapo ndipo botolo losatsegula limafuna firiji.

Pa silaidi yoyamba ndiika manambala awiri okha. Kafukufuku wa ku Baltimore ku America wa 1991 anapeza glaucoma yotereyi mwa anthu akuda kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa mwa azungu, ndipo wa ku Kongwa ku Tanzania anaipeza mwa anthu atatu pa 100 alionse a zaka 40 kupita m'tsogolo.

Sabata yachiwiri, Loweruka

Ndinalawirira kumsika ndi kabokosi ka ayezi. Lachitatu ndinali nditapangana ndi wa bucha wina kuti andisungire maso a mbuzi 10. Anandisungiradi, koma atawakolowola ndi nsonga ya mpeni, onse ataphwa ngati chubu cha njinga. "Bwana, kodi maso amenewa ndi a ntchito yanji kwenikweni?" anafunsa akundiyang'ana cham'mbali, anzake ataleka kudula nyama. Ndinachita kutulutsa chiphaso cha kuntchito. Munthu wofuna maso okhaokha m'mamawa asadabwe anthu akamamuganizira za kwa sing'anga. Mapeto ake ndagula mitu itatu yathunthu. Maso tachotsa tokha ndi sizasi, mituyo mnzanga wa mu labu wapita nayo kwawo kukawawula.

Tinadula diso limodzi ndi lezala mozungulira ngati lalanje. Kunatuluka zonanda ngati choyera cha dzira laliwisi. Imeneyo ndi vitreous, si madzi amene tikufuna. Athuwo amatha ndi kudontha kamodzi mukangoboola cornea. Titatembenuza theka lakutsogolo n'kuliyang'ana kuchokera kumbuyo, lens inali pakati ngati mkanda wagalasi, ndipo moizungulira munali mphete yakuda bii, ya timakwinya tondondozana bwinobwino. Mnzangayo anawerama ndi tochi ya pa foni n'kunena kuti, "Aphunzitsi, uwu si bowa uwu?" Ndendende kunsi kwa bowa. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti ciliary body, dzina la mphete imeneyi imene ndiyo mpope wopanga madzi aja, osapeza chofanizira. Munthu ali ndi timakwinya totere pafupifupi 70. Mukatikhudza, zakuda zimatsalira ku zala ngati mwaye wa m'khitchini.

Magetsi anathima masana onse, firiji inafunda. Maso amene tinasunga achita chifunga. Tsiku la ophunzira tidzagula ndi kung'amba m'mawa womwewo.

Sabata yachitatu, Lachiwiri

Masiku atatu ndikujambula ndi kufufuta. Ndilembe pano mmene chithunzi chakhalira kuti ndisadzayambirenso.

Kakwinya kalikonse kali ndi timitsempha ta magazi tochucha pakati pake, ndipo kunja kakutidwa ndi maselo a mizere iwiri. Mzere woyang'ana ku magazi ndi wakuda uja. Woyang'ana kumene madzi akupita ndi wopanda mtundu. Pa chithunzi ndikuutcha woyera. Mizere iwiriyi inagundanitsa mitu, chifukwa diso likamapangika mwana ali m'mimba, kathumba kochokera ku ubongo kamapindikira m'kati ngati mpira wophwa woubanikiza ndi chibakera. Pogundana mitupo pali timabowo, ma gap junction, tolola ma ion, tizigawo ta mchere, kuchoka m'selo lakuda kulowa m'loyera osatulukira panja. Ndiye maselo awiriwa ndi nyumba imodzi ya zipinda ziwiri, khomo lina loyang'ana ku magazi, lina ku diso. Maselo oyera okhaokha analumikizana ndi msoko wothina umene umatsekereza mapuloteni. Diso likatupa ndi uveitis msoko umenewu umamasuka, ndipo pa slit lamp, makina ounikira m'diso, madzi amaoneka ngati fumbi m'kuwala kolowera pa zenera. Ophunzira anaziona kale ku wodi, adzagwira msanga.

Chachikulu ndi ichi: palibe selo limene limanyamula madzi. Selo limanyamula mchere, madzi amalondola okha. Aliyense amene anawazapo mchere pa tomato wodula n'kumusiya m'mbale anapeza msuzi umene sanathire.

Sodium ndi chloride amalowa m'chipinda chakuda ndi njira ziwiri. Ina ndi puloteni yokweza anayi pa ulendo umodzi ngati wa kabaza wosaopa apolisi, sodium mmodzi, potassium mmodzi ndi chloride awiri. Dzina lake NKCC1. Inayo ndi ya msinthano, ya mapuloteni awiri oyendera limodzi: NHE1 amatulutsa hydrogen n'kulowetsa sodium, AE2 amatulutsa bicarbonate n'kulowetsa chloride. Akalowa amadutsa pa timabowo tija kupita m'chipinda choyera. Potuluka ndiye pali kusiyana. Sodium amachita kukankhidwa ndi mjigo, Na/K-ATPase, umene pa ATP mmodzi aliyense (ATP ndiye mafuta a selo) umaponya sodium atatu kunja n'kukokera potassium awiri m'kati. Chloride safuna mjigo, amatsetsereka yekha pa zipata zake chifukwa m'kati mwa selo muli magetsi a negative amene amamukana. Mchere ukaunjikana kunjako, madzi amatsatira, ena kudzera m'tinjira totchedwa aquaporin timene Peter Agre anasonyeza ntchito yake mu 1992. Maselo oyera ali ndi aquaporin 1 ndi 4. Mbewa zochotsedwa tinjira timeneti pulesha yake imatsika pang'ono chabe, kusonyeza kuti madzi sasowa podzera.

Fanizo la mjigo lili ndi msampha. Mjigo wa kumudzi umapopa madzi, uwu umapopa mchere. Ndalemba zimenezi ndi zilembo zofiira pansi pa chithunzi.

Nanga pothina ndi pati pa ulendo wonsewu? Mortimer Civan wa ku University of Pennsylvania, amene anathera zaka zambiri pa maselo amenewa, ankaloza zipata za chloride. Zifukwa zake n'zomveka. M'nyumbamo chloride ndi wodzadza kale kuposa mmene akanakhalira popanda womukokera, ndiye vuto si kulowa. Zipinda ziwiri zili ndi magetsi ofanana, ndiye timabowo sitinathine. Mjigo nawo sugwira pa mphamvu yake yonse. Chotsala ndi chipata chotulukira. Ndachijambula chachikulu kuposa zonse.

Sabata yachitatu, Lachisanu

Zapambali, koma zilowa m'phunziro. Ofufuza akafuna kuimitsa mjigo uja amagwiritsa ntchito ouabain, ndipo akamulowetsa m'diso la nyama madzi amachepa kwambiri. Ouabain amachokera ku mbewu za Strophanthus gratus wa kumadzulo kwa Africa ndi ku mitengo ya Acokanthera. M'bale wake wa Strophanthus ameneyo ali konkuno: kombe, ulembe umene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka pa mivi. John Kirk, dokotala wa pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, anasunga mswachi m'thumba limene munali kombe. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo mpaka lero chomeracho pa sayansi chimatchedwa Strophanthus kombe, dzina lathu lomweli. Mjigo umene ulembewu umaumanga anadzaupeza ndi Jens Skou wa ku Denmark mu 1957 m'mitsempha ya nkhanu. Alenje anadziwa choumangira kalekale usanadziwike.

Ndidzanena poyera kuti si mankhwala a maso. Mjigo womwewo uli mu mtima ndi m'selo lililonse, ndipo cornea imadalira womwewo kuti isatupe.

Sabata yachinayi, Lolemba

Ndapeza cholakwika pa chithunzi. Ndinajambula muvi waukulu wa bicarbonate ukuthira m'diso, monga ndinaphunzirira ine. Muvi umenewo ndi wa kalulu. Kafukufuku wambiri wakale ankachitikira pa akalulu, ndipo madzi a m'diso la kalulu ali ndi bicarbonate wambiri kuposa magazi ake. Mwa munthu, wopitirira ndi chloride. Ofufuza a ku Hong Kong Polytechnic University anatambasula ciliary body ya ng'ombe ndi ya nkhumba pakati pa timabafa tiwiri ta Ussing chamber, chida chimene Hans Ussing anayambitsa ndi khungu la chule, n'kupeza kuti chloride ndiye amawoloka kwambiri kupita mbali ya diso. Ndafufuta muviwo.

Funso limene wophunzira wakuthwa adzafunse ndi lakuti, nanga acetazolamide, mankhwala otsitsa pulesha ya m'diso, amagwira bwanji, poti iye amamanga carbonic anhydrase, enzyme yopanga bicarbonate? Yankho lili pa khomo lolowera. Enzyme imeneyi imatenga carbon dioxide ndi madzi n'kupanga hydrogen ndi bicarbonate, zomwe ndi ndalama zimene NHE1 ndi AE2 amalipira kuti mchere ulowe. Mukaimanga, wogula wasowa chenje, malonda aima. Jonas Friedenwald analosera za bicarbonate m'diso mu 1949, ndipo mu 1954 Bernard Becker anasonyeza kuti mapiritsi a acetazolamide otchedwa Diamox amatsitsa pulesha mwa anthu. Madontho omanga enzyme yomweyo, dorzolamide, anatenga zaka 40 kuti afike, chifukwa enzyme iyi ndi yaliwiro moti kuimanga theka sikuthandiza. Pamafunika kuimanga pafupifupi yonse, ndipo mankhwala oyambawo sankalowa bwino pa cornea.

Silaidi ya zoyenera kumuuza wodwala: dzanzi m'zala ndi m'milomo, kukodzakodza, zakumwa za gasi kusanduka zosakoma, ndipo kwa omwa nthawi yaitali miyala ya mu impso. Ndawonjezera mzere wa sickle cell. Acetazolamide amawonjezera asidi m'magazi, ndipo asidi amapinda maselo ofiira a odwala matendawa. Mwana wagendedwa m'diso, magazi akhuthukira kutsogolo kwa iris, pulesha yakwera: dzanja lisanapite ku botolo la Diamox, funsani za sickle cell.

Sabata yachinayi, Lachinayi

Apa ndiye ndakhalitsa. Mjigo ulipo, zipata zilipo, koma wolamula kuti lero titsegule kwambiri ndani?

Nkhani ya m'mabuku imayenda chonchi. Adrenaline ndi noradrenaline amatera pa receptor ya beta-2, polandirira uthenga pa khungu la selo. Receptor imadzutsa G protein, iyo imadzutsa adenylyl cyclase, ndipo m'selo mumachuluka kamthenga kotchedwa cAMP, kamene kamatuma protein kinase A kukasintha kagwiridwe ka zipata ndi zonyamula mchere. Timolol, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'maso mu 1978, amakhala pa mpando wa beta kuti adrenaline asowe pokhala, ndipo masana amadula madzi ndi gawo pafupifupi limodzi mwa atatu. Brimonidine amadzera kwina, pa receptor ya alpha-2, imene G protein yake ndi yozimitsa: cAMP amatsika, madzi amatsika. Mpaka apa zonse zikulozera kumodzi, kuti cAMP akakwera madzi amakwera.

Ndinasangalala chifukwa ndinali ndi chitsanzo chimene palibe wophunzira angachiiwale. Ambiri a iwo anaona kolera ya 2022 ndi 2023 ndi maso awo. Poizoni wa kolera amakanikiza G protein ya m'matumbo kuti isazime, cAMP amasefukira, chipata cha chloride chotchedwa CFTR chimakhala chitsegukire, ndipo madzi amatsatira mchere mpaka wodwala kumatsegula zonga madzi otsukira mpunga. Ndinalemba silaidi yake yokongola, kuti diso ndi matumbo zimayendera lamulo limodzi.

Dzulo usiku ndawerenga zimene gulu la Marvin Sears ku Yale linafalitsa mu 1981. Anapereka poizoni yemweyo wa kolera ku diso la kalulu. Madzi anachepa, pulesha inatsika. Forskolin, amene amadzutsa adenylyl cyclase mosadzera pa receptor, nayenso amatsitsa pulesha mwa akalulu. Kamthenga komweko, zotsatira zotembenuka. Ndinatseka laputopu n'kukagona ndi mkwiyo.

M'mawa uno ndayang'ananso chithunzi changa ndipo vuto ndaliona: mivi yonse ikuloza mbali imodzi. Nyumba ija ili ndi zipata mbali zonse ziwiri. Maselo akuda nawo ali ndi zipata za chloride zoyang'ana ku magazi, zobweza mchere kumene wachokera, ndipo cAMP amatha kutsegula zimenezonso. Madzi amene timayeza ndi otsala pakati pa opita ndi obwerera, ngati kutunga ndi ndowa yobooka: zofika kunyumba zimadalira dzanja lotunga komanso kukula kwa bowo. Ndiye kufunsa kuti cAMP amachulukitsa kapena amachepetsa madzi n'kufunsa moperewera. Wakwera m'chipinda chiti, wochuluka bwanji, mwa nyama yanji? Adrenaline wa m'thupi amanong'oneza, poizoni wa kolera amakuwa m'nyumba yonse. Pamwamba pa izi, mu 2001 gulu la Civan pamodzi ndi la Anthony Macknight wa ku Otago ku New Zealand linapereka ganizo lakuti timolol angamachepetse kulowa kwa mchere pa khomo la msinthano lija mosadzera n'komwe pa cAMP.

Palinso mthenga wina wa pakhomo pomwepo. Maselo amenewa amatulutsa ATP, kunja amaphwanyidwa kukhala adenosine, ndipo adenosine akatera pa receptor ya A3 ya maselo oyera, zipata za chloride zimatseguka. Mbewa zopanda receptor imeneyi zili ndi pulesha yotsikirapo. Iyi ndingoitchula m'mzere umodzi.

Chigamulo changa: kolera ikhala, koma pa mfundo imodzi yokha, yoti madzi amalondola chloride. Silaidi ya lamulo limodzi ndaichotsa. Za kalulu wa ku Yale ndiziika pa mapeto ngati funso lokambirana. Mnzanga wina wophunzitsa za mankhwala akuti ndiwasokoneza ana, angoloweza kuti timolol amatsitsa cAMP basi. Pa mayeso yankho limenelo ndilichonga ndithu. Koma ndinaona chaka chatha mmene zoloweza zimathera.

Sabata yachisanu, Lachitatu

Richard Brubaker wa ku Mayo Clinic ankathira utoto wa fluorescein m'maso mwa anthu n'kumayeza liwiro limene ukusuluka nalo. Ndi njira imeneyi gulu lake linapeza kuti munthu akagona madzi amatsika pafupifupi ndi theka, kuti timolol sachita kanthu pa munthu wogona, pamene acetazolamide amatsitsabe. N'zomveka: usiku adrenaline ndi wochepa, palibe woti timolol amulande mpando, koma malonda a chenje aja sagona. Ngakhale zili choncho, anthu ochotsedwa ma adrenal gland onse awiri, kumene adrenaline amapangidwa, anapezeka kuti madzi awo amatsikabe usiku, ndiye wotchi ya mpopewu siyendera adrenaline wa m'magazi yekha.

Ndinaika 1.25 mu Excel. Pulesha ya usiku inabwera 11. Koma ofufuza a ku San Diego amene ankagoneka anthu mu labu n'kumawayeza usiku wonse anapeza kuti munthu ali chigonere pulesha imakhala yokwera kuposa ya masana ali chikhalire. Fayilo yanga ikunama. Munthu akagona pansi magazi a m'mitsempha ya kumutu amakhuta, ndiye 8 uja sayenera kukhala 8. Nditayesa 11 yankho linafika pa 14, ndipo kuti lipitirire 16 ndinachita kuthinitsanso ngalande. Ndawonjezera bokosi losankha kuti wakhala kapena wagona. Cholakwikachi ndiwasiyira ophunzira achipeze okha ndisanawaonetse bokosilo.

Madzulo ndinaimbira amalume kufunsa nthawi imene amathira mankhwala. "Pogona, mphwanga. Anati kawiri, koma botolo silifika mwezi, ndiye la m'mawa ndinalisiya. M'mawa ndimathamangiranso kudimba." Mwa madontho awiri anasunga limene maola ake amphamvu amathera pa mpope wotseka kale. Ndinawapempha kuti abwerere pa zimene adokotala analemba, ndipo akapita akanene za botolo. Nditafunsitsa zinapezeka kuti amathira madontho atatu nthawi imodzi kuti alowe bwino. Diso silisunga ngakhale dontho limodzi lathunthu. Enawo amatsikira pa tsaya kapena m'mphuno, ndipo a m'mphunowo amalowa m'magazi. Timolol akafika kumeneko amachedwetsa mtima ndi kubanika a mphumu. Dontho limodzi, kutsinzina, chala pa ngodya ya diso ya kumphuno mphindi ziwiri. Botolo likwana.

Sabata ya 6, Lolemba

Ndayesa phunziro ndi kagulu kochepa. Bowa wagwira, tomato wagwira, chenje chagwira. NKCC1 ndi wa kabaza anaseka koma theka anasokoneza okwera ake. Ndiwapatsa zitsekerero za mabotolo za mitundu itatu adzikwezere okha. Phunziro latenga mphindi 95 m'malo mwa 80.

Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sayankhulayankhula, anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati madziwa ndiwo chakudya cha lens, tikawachepetsa ndi timolol zaka ndi zaka, lens sifa ndi njala?" Ndinamuyankha kuti diso lenilenilo limadula theka usiku uliwonse ndipo lens imadzuka ili moyo, ndiye pali malo osewerera. Koma malire alipo. Ciliary body ikaleka ntchito chifukwa cha kutupa kwa nthawi yaitali, pulesha imagwa, diso limafewa n'kufota. Ndi chifukwa chake madokotala akamawotcha timakwinya tija ndi laser pa glaucoma yokanika amawotcha mbali chabe. Funsoli lapeza silaidi yakeyake. Kombe ndimufupikitsa kuti nthawi ikwane.

Sabata ya 6, Lachinayi

Uthenga wa pa foni ndaujambula kachitatu. Woyamba unkati m'diso madzi achuluka, mawu omwe aja a kuchipatala. Amalume atamvera anandiuza kuti mawu amenewo ndi amene anawachititsa kuchepetsa madzi akumwa chaka chonse chatha, ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo. Sindinkadziwa. Tsopano uthengawo ukuti: "M'kati mwa diso lililonse muli kampope kamene kamadontha usana ndi usiku, ndi kangalande kotulutsa madziwo. Madzi amenewa si misozi, ndiponso sachepa mukasiya kumwa madzi. Mwa inu kangalande kathina. Madontho amachepetsa kampope kuti diso lisafufume n'kupha mtsempha woonera. Mukasiya kuthira, kampope kamatsegukanso."

Ndawatumizira pa WhatsApp ya mdzukulu wawo. Ayankha kuti zamveka, koma ndikuyankhula ngati wa pa wayilesi, komanso sindinanene kuti diso lakufa silidzuka. Akuti iwo miyezi yoyamba ankadikira kuti lamanzere liyambenso kuona, ndipo litapanda kutero anatsala pang'ono kutaya botolo. Mzere umenewo ndiwonjezera, uthenga upitirira mphindi ziwiri ndi masekondi angapo.

Mnzanga wa mu labu amafuna tigule maso a nkhumba poti ndi ofananako ndi a munthu, koma m'kalasi muli ophunzira amene sakhudza nkhumba. Tikhala pa mbuzi. Mitu isanu, Lachiwiri 6 koloko m'mawa, ndipo wa bucha ndamuuza kale kuti mpeni wake usayandikire kumaso.